Mafunso ndi Mayankho: Pulogalamu imodzi ya bizinesi pa makompyuta ndi mafoni osiyana

Makalata a mwezi uno achokera mumzinda wa Zomba ndi madera ozungulira, ndipo onse akukhudza mapulogalamu amene amayenera kugwira ntchito pa makina a mitundu yosiyana.

FUNSO: Ndili ndi sitolo ya zipangizo zomangira m'tauni ya Zomba, ndipo ndatsegula nthambi ziwiri, ina ku Songani ina ku Jali. Pa kauntala ya m'tauni pali kompyuta ya Windows, anyamata ogulitsa kunthambi ali ndi mafoni a Android, pamene amene amandiwerengera ndalama kumapeto kwa mwezi ali ndi laputopu ya Apple. Ndikufuna pulogalamu yoti ndizionera katundu wotsala, zogulitsa za tsiku ndi ngongole za makasitomala. Akatswiri awiri andiuza zosiyana: wina akuti pakufunika mapulogalamu atatu, winayo akuti alemba imodzi yoyenda paliponse ndipo mtengo wake ndi wotsika. Ndani akunena zoona? Ndine mwini sitolo, Zomba.

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Akatswiri onse awiriwo akunena zinthu zotheka, kungoti aliyense wakuuzani mbali imene ikumukomera. Kompyuta kapena foni iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse za mkati mwake, imene akatswiri amaitcha operating system. Windows ndi ya kampani ya Microsoft, macOS ndi iOS ndi za Apple, Android ndi ya Google, ndipo palinso Linux imene aliyense angaitenge mwaulere. Iliyonse ili ndi njira yakeyake yoonetsera zinthu pa sikirini, yosungira mafayilo ndi yotumizira malisiti ku purinta, n'chifukwa chake pulogalamu yolembedwera Windows siingangotengedwa n'kuikidwa pa foni. Katswiri woyambayo akufuna kulembera makina aliwonse pulogalamu yawoyawo. Njira imeneyi imatulutsa mapulogalamu othamanga bwino, koma mudzalipira katatu polemba, ndipo chopweteka kwambiri n'chakuti mudzalipiranso katatu nthawi iliyonse imene pasintha kanthu, kaya boma lasintha mulingo wa msonkho wa VAT kaya inu mwaganiza zoyamba kuchotsera mtengo ogula matumba ambiri a simenti. Pa bizinesi ya nthambi ziwiri, ine sindikuona chifukwa chosenzera mtolo umenewu.

Zimene katswiri wachiwiri akunena si zachilendo. Mu 1995 kampani ya Sun Microsystems inatulutsa chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Java ndi lonjezo lakuti munthu alembe kamodzi, pulogalamuyo iziyenda paliponse. Kuchokera nthawi imeneyo zida zoterezi zachuluka. Facebook inatulutsa React Native mu 2015, yolembera mapulogalamu a mafoni a Android ndi iPhone pamodzi. Google inatulutsa Flutter kumapeto kwa 2018, ndipo pofika mu 2022 chidachi chinali chitakhwima mokwanira kulembera mapulogalamu a Windows, macOS ndi Linux kuwonjezera pa mafoni. Palinso njira yachitatu imene akatswiri anu sanaitchule, imene ndi kuika pulogalamu pa seva (kompyuta imene makina ena amaifikira kudzera pa intaneti) n'kumaitsegula ndi browser monga Chrome, Firefox kapena Safari, monga mmene mumatsegulira Facebook pa kompyuta. Unduna wa Zaumoyo m'dziko muno umagwiritsa ntchito DHIS2, pulogalamu yosonkhanitsira ziwerengero za zaumoyo yochokera ku yunivesite ya Oslo ku Norway, imene imatsegulidwa ndi browser m'maofesi komanso ili ndi mbali yake ya pa mafoni a Android, ndipo ichi ndi chitsanzo chabwino cha kusakaniza njira ziwiri.

Langizo langa ndi lakuti musayambe ndi mndandanda wa makina, koma muyambe ndi funso lakuti munthu aliyense amachita chiyani pa makina akewo. Wokuwerengerani ndalama sagulitsa, sasindikiza malisiti ndipo sagwira ntchito kumalo kovuta netiweki. Chimene amafuna ndi kuona malipoti a mwezi ndi kuwatsitsa kuti awatsegule mu Excel. Tsamba la pa browser limukwanira, ndipo mukatero laputopu ya Apple yachoka pa mndandanda popanda kuilembera kalikonse. Zatsala ziwiri, kauntala ya Windows ndi mafoni a Android, ndipo zimenezi chida chimodzi monga Flutter chikhoza kuzikwanitsa. Katswiri akakuuzani kuti adzawonjezeranso iPhone ndi Linux popeza chida chake chimatha zonse, mufunseni kuti adzagwiritse ntchito ndani. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: makina aliwonse amene mwawonjezera amafunika kuyesedwa nthawi iliyonse imene pulogalamu yasinthidwa, ndipo kuyesako ndi kumene kumadya ndalama, osati kulemba.

Nkhani yaikulu kwa inu, yoposa ya mtundu wa makina, ndi yakuti pulogalamuyo idzatani magetsi akazima kapena netiweki ikachoka. Ambiri tikukumbukira zimene zinachitika mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire ndipo dziko linataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Sitolo singaleke kugulitsa chifukwa seva sikupezeka. Choncho foni iliyonse ya kunthambi iyenera kusunga zogulitsa mkati mwake, kawirikawiri mu nkhokwe ya zolembedwa (database) yaing'ono yotchedwa SQLite imene imapezeka kale m'mafoni a Android, n'kudzazitumiza ku seva netiweki ikabwera. Kunena n'kosavuta, koma apa ndi pamene katswiri weniweni amaonekera. Tiyerekeze kuti m'mawa inu m'tauni mwalemba kuti malata 40 atumizidwa ku Jali, ndipo masana mnyamata wa ku Jali, wopanda netiweki, wagulitsa malata 15 pa amene anali nawo kale. Ngati pulogalamu imangosunga chiwerengero cha katundu wotsala, chiwerengero chimene chafika mochedwa chidzafufuta chinzake ndipo kumapeto kwa mwezi mudzayamba kukayikira mnyamata wosalakwa. Pulogalamu yolembedwa bwino imasunga chochitika chilichonse pachokha, kuti alowa 40, atuluka 15, pa tsiku lakuti ndi ola lakuti, ndipo katundu wotsala amawerengedwa kuchokera pa zochitikazo. Manambala a malisiti nawonso ayenera kukhala ndi chizindikiro cha nthambi, kuti Songani ndi Jali asatulutse nambala imodzi tsiku limodzi. Mufunseni katswiri wanu mmene adzachitire zimenezi musanamupatse ndalama iliyonse, ndipo ngati sakutha kufotokoza m'mawu amene inu mungamve, funani wina.

Malo ena pamene lonjezo la kulemba kamodzi limafookera ndi pa purinta. Timapurinta ta malisiti timene timasindikiza pa pepala lopapatiza la mamilimita 58 kapena 80 tambiri timamva malamulo otchedwa ESC/POS, amene anayambitsidwa ndi kampani ya Epson, koma njira yofikitsira malamulowo imasiyana: pa Windows kawirikawiri ndi chingwe cha USB, pamene pa Android ndi Bluetooth. Mbali imeneyi imalembedwa ndi kuyesedwa padera pa makina aliwonse, ngakhale chida chake chikhale Flutter. Gulani purinta poyamba, muipereke kwa katswiriyo, ndipo pa tsiku lolandira ntchito muone ndi maso anu lisiti ikutuluka kuchokera pa kompyuta komanso pa foni yotsika mtengo kwambiri imene anyamata anu ali nayo, osati pa foni yapamwamba ya katswiriyo. Ngati munalembetsa kulipira VAT, pitani ku ofesi ya MRA mukafunse zimene akufuna pa malisiti ntchito isanayambe, chifukwa kuwonjezera zimenezi pambuyo n'kodula. Pa malipiro a Airtel Money ndi Mpamba, yambani ndi kungolemba nambala ya malipiro imene imabwera mu uthenga. Kulumikiza pulogalamu mwachindunji ndi makampaniwo kumafuna mgwirizano wapadera ndipo kungadikire.

Muwerengenso zolipira za m'madola, popeza zimenezi akatswiri saziika kawirikawiri pa mtengo umene amatchula. Seva ya kunja imalipidwa mwezi ndi mwezi. Kuika pulogalamu pa Google Play kumafuna madola 25 kamodzi kokha, pamene Apple imafuna madola 99 chaka chilichonse, ndiponso pulogalamu ya iPhone imamangidwa ndi chida cha Apple chotchedwa Xcode chimene chimayenda pa kompyuta ya Mac yokha. Amene anali pa malonda mu Novembala 2023, pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, akudziwa mmene bilu ya m'madola imakwerera usiku umodzi. Pomaliza, mufunseni katswiriyo ngati wayang'ana mapulogalamu opangidwa kale monga ERPNext ya ku India kapena Odoo ya ku Belgium, amene amatsegulidwa ndi browser ndipo amasunga kale katundu, zogulitsa ndi ngongole. Nthawi zina kulipira munthu kuti akonze pulogalamu yoteroyo mogwirizana ndi sitolo yanu n'kwanzeru kuposa kuyamba pachiyambi, ngakhale kuti nkhani ya netiweki ya kunthambi muyenerabe kuifunsa mwamphamvu.

FUNSO: Ndine mlembi wa gulu la alimi a mpunga cha ku Domasi. Mnyamata wina anatilembera pulogalamu yosungira mayina a mamembala ndi ngongole zawo, ndipo pa kompyuta ya ku ofesi imayenda bwino. Koma tikatumiza malipoti kwa mkulu wathu n'kuwatsegula pa laputopu yake, masiku amasokonekera, zilembo zina m'mayina zimasanduka zizindikiro zachilendo, ndipo nthawi zina matambala sagwirizana. Mnyamatayo anasamukira ku Lilongwe ndipo sayankha foni. Titani? Ndine mlembi, Domasi.

YANKHO: Mayi, mavuto atatu amene mwatchulawa ndi odziwika bwino, ndipo sakutanthauza kuti wina wakuberani. La masiku limachitika chifukwa chakuti kuno kwathu 03/04 timawerenga kuti 3 Epulo, pamene kompyuta imene inakonzedwa motsatira kalembedwe ka ku America imawerenga kuti Malichi 4. Malaputopu ambiri ogulidwa kale amabwera ndi kalembedwe ka ku America, ndipo Excel ikatsegula fayilo imatembenuza masiku amene ingathe kutembenuza n'kusiya enawo, monga 25/04, chifukwa palibe mwezi wa 25. Zotsatira zake ndi lipoti limene masiku ena ndi olondola ena olakwika, lomwe ndi loopsa kuposa lolakwika lonse. Lero lomwe mukhoza kusintha dera (Region) m'makonzedwe a pa laputopu ya mkulu wanu kuti lifanane ndi la kompyuta ya ku ofesi. Mankhwala enieni ndi akuti pulogalamu izilemba chaka poyamba, kenako mwezi, kenako tsiku, monga 2025-04-03, malinga ndi muyezo wa ISO 8601 umene makina onse amaumva mofanana.

Zilembo zimasokonekera pamene pulogalamu yasunga mawu m'njira ina ndipo makina otsegula akuwerenga m'njira inanso. Chilembo cha ŵ, chimene ena amalemba m'mayina a anthu ndi malo, mulibe mu mndandanda wakale wa zilembo wa Windows-1252, choncho chimasanduka chizindikiro cha funso kapena tizilembo tosamveka. Wokonza aonetsetse kuti paliponse pakugwiritsidwa ntchito UTF-8, njira yosungira mawu imene ili ndi zilembo zoterezi. Za matambala, makompyuta kawirikawiri amasunga manambala okhala ndi kadontho mongoyandikitsa, moti m'zilankhulo zambiri zolembera mapulogalamu kuphatikiza 0.1 ndi 0.2 kumapereka 0.30000000000000004. Kusiyanako n'kochepetsetsa, koma chiwongoladzanja cha mamembala mazana chikawerengedwa miyezi yambiri kumaonekera. Ndalama ziyenera kusungidwa monga matambala athunthu, kapena ndi mtundu wa manambala wopangidwira ndalama.

Vuto lanu lalikulu, mayi, ndi lachinayi limene mwangolitchula kumapeto. Zonse ndafotokozazi katswiri wina angazikonze pa masiku ochepa ngati ali ndi code, kutanthauza zolembedwa zenizeni zimene pulogalamu inapangidwa nazo. Popanda code angangoyamba pachiyambi. Komiti yanu imulembere mnyamatayo kalata mwaulemu, kudzera mwa amene anamubweretsa, yopempha kuti akupatseni code, mawu achinsinsi a database ndi chilolezo cholembedwa chakuti wina akhoza kuikonza, ngakhale pafunike kumulipira kangachepe. Pakali pano tulutsani zonse za mamembala n'kuzisunga malo awiri, ndipo musasiye kulemba m'kaundula wa pepala. Kumbukiraninso kuti mayina, manambala a ziphaso ndi ngongole za anthu ndi zinthu zotetezedwa ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, limene bungwe la MACRA linapatsidwa udindo woyang'anira, choncho mafayilo amenewa asamangoyenda m'magulu a WhatsApp. Mukadzalemba ntchito katswiri wina, kontilakiti inene poyera kuti code ndi ya gulu, ndipo isungidwe pa akaunti imene gululo lili ndi mawu ake achinsinsi.

FUNSO: Ndikumaliza maphunziro a zamakompyuta pa yunivesite kuno ku Zomba, ndipo ndikufuna kumalembera mabizinesi ang'onoang'ono mapulogalamu. Anzanga ena akuti ndiphunzire Flutter, ena React Native, ena akuti Electron kapena .NET MAUI. Ndisankhe chiti? Ndine wophunzira, Chikanda.

YANKHO: Achimwene, musanasankhe chida, yendani pa msika waukulu wa Zomba ndi m'masitolo a ku Chinamwali ndi Matawale, muone zimene anthu ali nazo m'manja ndi pa makauntala. Mudzapeza mafoni a Android a Tecno, itel ndi Samsung, ambiri okhala ndi malo ochepa osungira zinthu, ndiponso makompyuta akale a Windows. Zimenezi zikuthandizani kuchotsa zina pa mndandanda wanu. Electron, imene inachokera ku GitHub ndipo ndi imene anapangira Visual Studio Code ndi Slack, ndi ya makompyuta okha osati mafoni, ndipo popeza pulogalamu iliyonse imanyamula browser yakeyake yotchedwa Chromium, imalemera pa kompyuta ya RAM ya magigabayiti 4. .NET MAUI inatuluka mu 2022 m'malo mwa Xamarin, imene Microsoft inasiya kuithandiza mu Meyi 2024. Ndi yabwino kwa munthu wodziwa kale chilankhulo cha C#, koma Microsoft sinaikemo Linux pa makina amene imawathandiza. React Native ili ndi ubwino wakuti chilankhulo chake, JavaScript kapena TypeScript, ndi chomwecho cha pa mawebusayiti, moti luso limodzi limakutumikirani mbali ziwiri. Flutter imafuna kuti muphunzire chilankhulo cha Dart, chimene kunja kwa Flutter sichigwiritsidwa ntchito kwambiri, koma imajambula yokha mabatani ndi china chilichonse cha pa sikirini, choncho pulogalamu imaoneka mofanana pa foni ndi pa kompyuta.

Ine ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi za pa browser pamodzi ndi SQL, chilankhulo cha ma database, kenako n'kuwonjezera React Native kapena Flutter, osati zonse ziwiri. Nkhani ya Xamarin ikuphunzitseni kuti zida zimabwera n'kupita, pamene luso lokonza database bwino limakhalabe. Zolowerani kulekanitsa malamulo a bizinesi, monga kuwerengera msonkho, chiwongoladzanja ndi katundu wotsala, ndi mbali yoonetsa zinthu pa sikirini, kuti tsiku limene chida chidzasiyidwe musinthe nkhope yokha. Samalaninso ndi tinthu timene timagwetsa anthu posamutsa pulogalamu: Windows imalekanitsa mayina a mafoda ndi kamzere kopendekera kumbuyo pamene Linux ndi macOS zimagwiritsa ntchito kopendekera kutsogolo, ndipo pa seva ya Linux fayilo yotchedwa Malisiti ndi yosiyana ndi yotchedwa malisiti, pamene Windows imaziona ngati imodzi. Kasitomala akadzakupemphani iPhone, mudziwiretu kuti timapurinta totchipa ta Bluetooth tina timene timayenda pa Android sitilumikizana ndi iPhone, chifukwa Apple salola njira yakale ya Bluetooth imene timagwiritsa ntchito pokhapokha chipangizocho chikhale chovomerezedwa ndi iwo, ndiponso Safari salola mawebusayiti kulankhula ndi zipangizo za Bluetooth kapena USB monga mmene Chrome imachitira. Musalonjeze musanayese pa chipangizo chenicheni.

FUNSO: Ku ofesi yathu ya sukulu yapulayiveti tili ndi makompyuta 6 a Windows 10, ndipo tauzidwa kuti sangalandire Windows 11. Wina watilangiza kuikamo Linux. Kodi pulogalamu yathu yolandirira fizi idzayendabe? Ndine msungichuma, Sadzi.

YANKHO: Bambo, Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku losiya kuthandiza Windows 10, ndipo Windows 11 imafuna zinthu monga kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 kamene makompyuta ambiri akale alibe. Makompyuta anuwo sasiya kuyaka chifukwa cha tsikuli, koma zibowo zatsopano zimene akuba a pa intaneti angapeze sizitsekedwanso monga kale, ndipo zimenezi si zabwino pa makina osunga ndalama za makolo. Yankho la funso lanu likudalira mmene mumatsegulira pulogalamu ya fiziyo. Ngati mumalowa kudzera pa browser, idzayenda pa mitundu ya Linux monga Ubuntu kapena Linux Mint popanda kusintha kalikonse, ndipo pulogalamu yaulere ya LibreOffice idzakutsegulirani mafayilo ambiri a Word ndi Excel, ngakhale kuti ena okhala ndi macro (timapulogalamu ta mkati mwa fayilo) ovuta sayenda bwino. Ngati inaikidwa m'kompyuta kuchokera pa fayilo ya .exe, ndiye kuti ndi ya Windows yokha. Pali chida chotchedwa Wine chimene chimayendetsa mapulogalamu ena a Windows pa Linux, koma sindingakulangizeni kudalira chimenechi pa nkhani ya ndalama, makamaka pamene pali purinta ya malisiti. Funsani amene anakugulitsani pulogalamuyo ngati ali ndi mtundu wa pa browser. Ngati alibe, gulani kompyuta imodzi yokha yolandira Windows 11 ya pa ofesi ya msungichuma, ndipo yesani Linux pa imodzi mwa zotsalazo kwa teremu yathunthu, pamodzi ndi purinta ndi makina ojambulira mapepala amene muli nawo, musanasinthe zinazo.